Osewera akamamenyana, n'chifukwa chiyani woyimbira amangoima patali?

Funso: Ndimaonera mpira wa ku Ulaya pafupifupi sabata iliyonse, makamaka ligi ya ku England ndi Champions League. Chimandidabwitsa n'chakuti osewera akayamba kukankhana ndi kugwirana pakhosi, woyimbira m'malo moleretsa amabwerera m'mbuyo n'kumangoyang'ana. Kenako wina amapatsidwa khadi lofiira, pamene mnzake amene anayambitsa zonse akupulumuka ndi lachikasu. Kodi amenewa ndi mantha, kukondera, kapena malamulo ake ndi otero?

Yankho: Zikomo achimwene pofunsa. Ndagwira wezulo zaka zambiri m'mabwalo a kwathu konkuno, ndipo masiku ano ndimathandiza achinyamata amene akuyamba kumene ntchitoyi. Funso lanuli ndi lomwe iwonso amafunsa tsiku loyamba. Si mantha ayi. Kubwerera m'mbuyo kuja woyimbira amachita kuphunzitsidwa, ndipo kumavuta kuphunzira, chifukwa mtima wa munthu aliyense akaona ndewu umamutuma kulowa pakati.

Taganizirani mmene zimakhalira. Amuna makumi awiri, ambiri mwa iwo ataliatali kuposa iwe, aunjikana pamalo ochepa ngati chipinda chogona. Ukalowa pakati pawo, chimene umaona ndi zifuwa, majezi ndi thukuta basi. Chibakera chikuponyedwa kumbuyo kwako, wina akuponda mnzake phazi mwadala, wina walavulira mnzake malovu, iwe osaona kanthu. Zikazizira, bwalo lonse likudikira kuti ulange olakwa, koma m'mutu mwako mulibe nambala ya jezi ngakhale imodzi. Amene waima mapazi khumi patali ndiye amaona dzanja limene linakwera, mwini wake, ndi pamene linakatera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo saima yekha. Mukadzaoneranso, musayang'ane gulu lomenyanalo, yang'anani m'mbali mwake. Wambendera amene ali pafupi amalowa m'bwalo n'kuima mbali ina, mnzake wakutali amayandikira kuti aone kumbuyo kwa gululo, ndipo atatuwo amalizinga ngati mafuwa a pamoto, aliyense akuona chimene anzake sangaone. Wachinayi, amene amanyamula bolodi losinthira osewera uja, maso ake amakhala pa mabenchi, chifukwa nthawi zambiri moto umakulira kumeneko. Onsewa amalankhulana pa timawayilesi ta m'makutu, akutchula manambala: woyambitsa ndi uyu, wobwezera ndi uyu, ndipo uyo wathamanga kuchokera kugolo kwake kudzangothira mafuta pamoto. Amasunganso m'mutu amene abwera kudzaleretsa anzawo, kuti asalangidwe osalakwa.

Pali kanthawi kochepa pamene woyimbira ayenera kuthamangirako ndithu. Ngati okangana adakali awiri, agundanitsa zipumi koma manja sanakwere, woyimbira wabwino amafika msanga, wezulo ali pakamwa, n'kuima pafupi kwambiri moti onse awiri amuone. Zambiri zimathera pomwepo. Koma ena akangoyamba kukhamukira, kanthawi kaja katha, ndipo ntchito yake imasintha: tsopano ndi mboni, kenako woweruza.

Chimene ndimaletsa kwambiri ophunzira anga ndi kugwira wosewera. Ndinaphunzira zimenezi movutika. Ndidakali watsopano, pa gemu ina ya m'boma, anyamata awiri anayambana pafupi ndi pakati pa bwalo. Ine ndinathamanga n'kugwira mmodzi chakumbuyo, manja ake onse awiri nditawapanikiza m'nthiti, kuti ndimukokere kutali. Nthawi yomweyo mnzake uja anamusasantha chibakera pakamwa. Analibe chotchingira nkhope, pakuti manja ake anali kwa ine. Mlomo unang'ambika, magazi anadonthera pa malaya anga, ndipo mnyamatayo anacheuka n'kundiyang'ana osanena kanthu. Womenyayo ndinamutulutsa, koma mumtima ndinadziwa kuti bala lija ndinathandizira kulibweretsa. Kuyambira tsiku limenelo sindinagwirenso wosewera pa ndewu.

Zikatha, makhadi saperekedwa chisawawa. Woyimbira amayamba wamva kwa anzake, n'kubweza matimu awiriwo aliyense mbali yake, kenako amayamba ndi milandu ikuluikulu. Otulutsidwa a matimu osiyana sawatumiza limodzi, kuopa kuti akapitiriza ndewu panjira yopita kuzipinda zovalira. Chitsanzo chabwino ndi gemu ya Paris Saint-Germain ndi Marseille pa 13 Sepitembala 2020 ku Parc des Princes. M'mphindi zowonjezera, Marseille ikutsogola 1-0, kunabuka chipwirikiti. Woyimbira Jérôme Brisard anatulutsa osewera asanu: Leandro Paredes, Layvin Kurzawa ndi Neymar a PSG, komanso Darío Benedetto ndi Jordan Amavi a Marseille. Khofi limene Neymar anamenya Álvaro González wa Marseille kunkhongo linaoneka bwino pa kanema wa VAR, njira imene oyimbira ena amaonera gemu pa kanema n'kumathandiza wa m'bwalo. Munthu woti analowa m'kati kukakoka majezi sakanatha kusanthula mlandu wa anthu asanu.

Tsopano za khadi lofiira ndi lachikasu, pamene mukuganizira kukondera. Malamulo a mpira amalembedwa ndi bungwe la IFAB, ndipo ndi amodzi ku London, ku Milan ngakhale pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre. Lamulo la 12 limagawa kulowa koipa patatu. Wolowa mosasamala, amene wangochedwa kapena kuphonya mpira, amangoyimbiridwa faulo. Wolowa mosaganizira zimene zingamuchitikire mnzake amalandira lachikasu. Wolowa ndi mphamvu yopyola muyezo, moika moyo kapena thupi la mnzake pangozi, amatuluka. Onani kuti apa woyimbira safunsidwa kulowa mumtima mwa wosewera kuti adziwe ngati anafuna kuvulaza. Amayang'ana liwiro, kukwera kwa phazi, mano a jombo ngati aonekera, ndiponso ngati miyendo yonse iwiri yachoka pansi. Mu Febuluwale 2008, Martin Taylor wa Birmingham City atathyola mwendo wa Eduardo wa Arsenal gemu itangoyamba kumene, anthu ambiri ananena kuti Taylor si munthu wankhanza ndipo sanachite dala. Mwina n'zoona, koma woyimbira Mike Dean sanafunikire kudziwa zimenezo kuti atulutse khadi lofiira.

Zonsezi ndi za polimbirana mpira. Palinso mlandu wina wosiyana, wa nkhanza zochitika popanda kulimbirana mpira: chibakera, mutu, chigongono, kuponda munthu ali pansi. Mlandu umenewu sulabadira kuti wamenya ndani, kaya ndi mdani, mnzako wa timu imodzi, woyimbira kapena wochemerera, ndipo ngakhale chibakera chitaphonya, kungoyesako n'kokwanira. Lamulo limanenanso kuti wogunda mnzake dala kumutu kapena kunkhope ndi dzanja, mpira palibe, atuluke, pokhapokha ngati kugundako kunali kongokhudza chabe. Kuluma ndi kulavulira munthu nakonso n'kotulutsitsa. N'chifukwa chake pa 2 Epulo 2005 Lee Bowyer ndi Kieron Dyer, onse a Newcastle United, anatulutsidwa atamenyana okhaokha pa gemu yawo ndi Aston Villa.

Ndiye apa mpamene pagona yankho la woyambitsa ndi wobwezera. Woyambitsa kawirikawiri amalakwa ali pa mpira, ndipo mlandu wake umathera pa lachikasu. Wobwezera amadzuka n'kumenya mpira utapita kale, ndipo wake umakhala wa nkhanza. Zinedine Zidane zinamuchitikira mu Okutobala 2000 ali ku Juventus, pa gemu ya Champions League ndi Hamburg: Jochen Kientz anamuchita faulo, iye n'kudzuka kumugunda ndi mutu. Anatuluka, ndipo UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inamuletsa kusewera magemu asanu. Ndikuvomereza kuti kwa woonera zimapweteka, chifukwa woputa dala amaoneka ngati wapindula. Koma lamulo likanalola kubwezera, gemu iliyonse ikanakhala bwalo la nkhonya.

Makhadiwa anabadwa chifukwa cha chisokonezo chotere. Pa World Cup ya 1966, Antonio Rattín wa Argentina atauzidwa kuti atuluke pa gemu ndi England, panatenga nthawi yaitali asakuchoka, woyimbira wa ku Germany ndi iye osamvana chilankhulo. Ken Aston, Mngelezi amene ankayang'anira oyimbira, anatengera nzeru ku maloboti a pamsewu, ndipo makhadi anayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970.

Komabe achimwene, chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi: ndewu imene mumaiona m'mphindi ya 80 nthawi zambiri imakhala itabzalidwa m'mphindi ya 10. Wosewera amapirira kuchitidwa faulo akadziwa kuti alipo womuteteza. Akangoona kuti wapondedwa kawiri woyimbira osachitapo kanthu, amayamba kudziteteza yekha, ndipo anzake amamuthandiza. M'mera mpoyamba. Woyimbira waluso amamva kutentha kwa gemu ngati mmene mayi amamvera mphika ukayandikira kusefukira, ndipo amachotsa nkhuni nthawi idakalipo: mawu amodzi kwa wosewera podutsana, kuitana kaputeni poyera kuti bwalo lonse lione, kenako khadi loyamba loperekedwa pa faulo yoyenera.

Gemu imene ndimaonetsa ophunzira anga pankhaniyi ndi ya Chelsea ndi Tottenham pa 2 Meyi 2016 ku Stamford Bridge. Tottenham inkafunika kupambana kuti ipitirize kulimbirana chikho ndi Leicester City, ndipo osewera ena a Chelsea anali atanena poyera kuti sakufuna chikhocho chipite kwa anansi awowo. Aliyense ankadziwa kuti kukhala moto. Woyimbira anali Mark Clattenburg, mmodzi mwa akatswiri a nthawi imeneyo, yemwe chaka chomwecho anayimbira fainolo ya Champions League ndi ya Euro. Mafaulo oyambirira anawasiya opanda khadi. Chigawo choyamba chisanathe, Danny Rose analowa moipa pa Willian, anthu anaunjikana, mphunzitsi wa Tottenham Mauricio Pochettino n'kulowa m'bwalo, ndipo m'chipwirikiticho Mousa Dembélé anapisa zala m'maso mwa Diego Costa. Chigawo chachiwiri Tottenham inataya zigoli zake ziwiri, gemu n'kutha 2-2, Leicester n'kukhala akatswiri. Pofika kumapeto Erik Lamela anali ataponda dzanja la Cesc Fàbregas, Eric Dier akulowa ngati walumbira, ndipo wezulo womaliza atalira ndewu inapitirira mpaka mphunzitsi wa Chelsea, mkulu wachikulire Guus Hiddink, anagwetsedwa. Osewera asanu ndi anayi a Tottenham analandira makhadi achikasu. Lofiira panalibe ngakhale limodzi. Dembélé anadzaletsedwa magemu asanu ndi limodzi pambuyo pake, bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, litaonera kanema.

Chaka chotsatira Clattenburg ananena yekha kuti anachita dala kusatulutsa munthu, kuti Tottenham idziwononge yokha, anthu asadzanene kuti woyimbira ndiye anaiphonyetsa chikho. Ndimamulemekeza pa ntchito yake, koma apa sindigwirizana naye m'pang'ono pomwe. Woyimbira akayamba kuganizira zimene nyuzipepala zidzalembe za iye mawa, wasiya kuganizira miyendo ya anthu amene ali patsogolo pake lero. Usiku umenewo wina akanatha kuthyoka, ndipo akanathyokera pofuna kuteteza mbiri ya woyimbira. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngati khadi lofiira ndi loyenera, uyenera kulitulutsa n'kulandira matemberero ake.

Sindikunena kuti kukhwimitsa kumathetsa zonse. Nthawi zina osewera amabwera ndi mangawa awo kuchokera kunja. Pa 16 Malichi 2002 ku Bramall Lane, Sheffield United inkasewera ndi West Bromwich Albion. Goloboyi wa Sheffield, Simon Tracey, anatuluka koyambirira atagwira mpira kunja kwa bokosi. Chigawo chachiwiri Georges Santos analowa kuchokera pa benchi, ndipo asanatuluke n'thukuta lomwe anaulukira Andy Johnson wa West Brom ndi miyendo yonse iwiri. Awiriwa anali ndi nkhani yakale, pakuti chaka chapitacho chigongono cha Johnson chinavulaza Santos kwambiri kunkhope. M'chipwirikiti chotsatira Patrick Suffo, amenenso anali atangolowa, anagunda Derek McInnes ndi mutu. Woyimbira Eddie Wolstenholme anatulutsa Santos ndi Suffo, ndipo sanalakwitse. Kenako osewera ena awiri a Sheffield anatuluka ovulala, timu n'kutsala ndi anthu asanu ndi mmodzi. Lamulo limati timu ikachepera asanu ndi awiri gemu singapitirire, choncho inathera m'mphindi ya 82, West Brom ikutsogola 3-0, ndipo zigolizo zinasiyidwa momwemo. N'chifukwa chake oyimbira a ku Ulaya amakonzekera gemu powerenga mbiri ya matimu ndi osewera, kuti adziwiretu amene ali ndi chakukhosi.

Pali zina zimene maso anayi kapena asanu ndi atatu sangaone. Mu Epulo 2013 Luis Suárez wa Liverpool analuma mkono wa Branislav Ivanović wa Chelsea, woyimbira Kevin Friend osaona, ndipo Suárez yemweyo ndiye anagoletsa chigoli chofananitsa kumapeto. Chilango cha magemu khumi chinabwera pambuyo, koma mapointi a Chelsea sanabwerere. VAR inabwera kudzatseka mpata umenewu. Inalowa mu Champions League mu Febuluwale 2019 ndi mu Premier League nyengo ya 2019/20, ndipo khadi lofiira lachindunji ndi limodzi mwa zinthu zimene imaloledwa kuunika. Izi zawonjezera chifukwa china choti woyimbira adekhe, pakuti akudziwa kuti chibakera chobisika chipezeka. Koma VAR imalanga zimene zachitika kale, siiziziritsa gemu. Ntchito imeneyo idakali ya munthu wa wezulo.

Mphamvu zake sizithera pa wezulo womaliza. Angathe kuonetsa khadi pa nthawi yopuma ngakhalenso gemu itatha, ndipo kuyambira 2019 aphunzitsi nawonso amaonetsedwa makhadi. Munaona pa 12 Febuluwale 2025, pa gemu yomaliza ya Everton ndi Liverpool ku Goodison Park, Michael Oliver akutulutsa Abdoulaye Doucouré ndi Curtis Jones gemu itatha, kenako mphunzitsi wa Liverpool Arne Slot. Zimene sangazilange pa bwalo amazilemba mu lipoti, ndipo komiti yosungitsa mwambo imapitiriza. Mu Malichi 2007, Valencia itatulutsa Inter mu Champions League, David Navarro, amene sanasewere n'komwe, anathamanga kuchokera pa benchi n'kuthyola mphuno ya Nicolás Burdisso ndi chibakera. UEFA inamuletsa miyezi isanu ndi iwiri, ngakhale chilangocho chinachepetsedwako atachita apilo.

Popeza mwatchula mantha, ndisabise kuti woyimbira naye ali ndi thupi. Paolo Di Canio anakankha woyimbira Paul Alcock mpaka kugwa mu 1998, n'kuletsedwa magemu 11. Aleksandar Mitrović wa Fulham anakankha Chris Kavanagh mu 2023, n'kuletsedwa asanu ndi atatu. Anders Frisk wa ku Sweden anagendedwa pamutu ku Rome mu Sepitembala 2004, atangotulutsa Philippe Mexès pa gemu ya Roma ndi Dynamo Kyiv. Anatuluka magazi ali chuchuchu, gemu inathera pomwepo, ndipo Dynamo inapatsidwa chipambano cha 3-0. Patangotha miyezi yochepa Frisk anasiyiratu ntchito chifukwa cha ziopsezo zimene iye ndi banja lake analandira itatha gemu ya Barcelona ndi Chelsea. Ku Turkey, pa 11 Disembala 2023, Halil Umut Meler anamenyedwa chibakera kumaso ndi Faruk Koca, pulezidenti wa timu ya Ankaragücü, ali pansi ena n'kumuponda, ndipo ligi yonse inaimitsidwa kwa masiku angapo. Ndikaona zithunzi za Meler diso litatupa, ndimakumbukira anyamata athu amene amayimbira m'mabwalo opanda mpanda, wapolisi ali mmodzi kapena kulibiretu. Mwa zina, n'chifukwa cha kuzingidwa kotereku kuti UEFA, kuyambira pa Euro 2024, inalamula kuti pa nkhani zikuluzikulu kaputeni yekha ndiye azilankhula ndi woyimbira, wina aliyense wothamangirako alandire lachikasu. Lamuloli linapitirira mpaka m'mipikisano ya makalabu, ndipo ine ndimaliona kuti ndi labwino, bola lisamangokhwima mwezi woyamba wa nyengo.

Ngozi ikachokera kwa ochemerera, woyimbira ali ndi mphamvu yoimitsa gemu, kulowetsa osewera m'zipinda, kapena kuithetseratu. Markus Merk anatero mu Epulo 2005 pa gemu ya Inter ndi AC Milan, goloboyi Dida atagendedwa ndi muuni wamoto. Ruddy Buquet anatero mu Novembala 2021 ku Lyon, Dimitri Payet wa Marseille atagendedwa botolo la madzi kumutu gemu itangoyamba. Za mapointi sizimukhudza, zimenezo amagamula ndi eni mpikisano. Iye amangoyankha funso limodzi, loti kodi anthu ali m'bwalomu ndi otetezeka.

Nayenso ayenera kudzigwira. Mu Januwale 2018 Tony Chapron wa ku France atagundidwa mwangozi ndi Diego Carlos wa Nantes n'kugwa, anaponya mwendo kufuna kumutchera wosewerayo, kenako n'kumuonetsa lachikasu lachiwiri. Khadilo linafafanizidwa, ndipo amene analandira chilango anali Chapron.

Chotsala ndi gawo limene makamera salilabadira, poti nthawi imeneyo amakhala akubwereza chibakera chija. Makhadi aperekedwa, otuluka atuluka, tsopano gemu iyambenso. Woyimbira sathamangira kuliza wezulo. Amayenda pang'onopang'ono, amalemba m'kabuku kake mosafulumira, amaitana makaputeni awiri n'kuwauza mwachidule kuti kuyambira pano sakulekerera kanthu. Kenako kwa mphindi zisanu kapena khumi amayimba chilichonse, ngakhale kukokana jezi kumene akanakusiya poyamba, salola kuti mpira upitirire pa faulo yoopsa pokhapokha chigoli chili poyera, ndipo amathamanga pafupi kwambiri ndi mpira moti osewera amamva kupuma kwake. Ochemerera amadandaula kuti akupha gemu. Akaona mapewa a osewera atsika, wochita faulo wayamba kutambasula dzanja kudzutsa mnzake, mpamene amayamba kumasula chingwe pang'onopang'ono, n'kubwerera pa mtunda wake wa nthawi zonse.